Mahatchi Ena Anatsala pa Doko

Pepala la manambala a galimoto silinama. Chovuta n'chakuti nambala iliyonse yaikulu imakhala ndi kanambala kena kakang'ono pambali pake, ndipo maso a ogula ambiri amathera pa yaikuluyo. Mkangano uli m'munsimu, wa mkulu wina amene anapuma pa ntchito yaudalaivala ndi mdzukulu wake wokhala ku Blantyre, wagona pamenepo. Galimoto imene akulimbirana ndi Toyota Mark X, saluni yaikulu yoyendera matayala akumbuyo imene inkapangidwa ku Japan kuyambira 2004 mpaka 2019. Ndi imodzi mwa galimoto zakale za ku Japan zimene zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe.

MDZUKULU: Agogo, taonani pa foni apa. Iyi ndi imene ndikufuna kuitanitsa. Injini yake ndi 4GR-FSE, V6, ma cc 2,499, mahosipawa 215.

AGOGO: Tabwereza pang'onopang'ono, bwana wa m'tauni. Ukutchula injini kapena mankhwala opopera thonje?

MDZUKULU: Injini, agogo. V6 ndiye kuti masilinda alipo 6, atatu mbali iyi, atatu mbali inayo, atayedzamira ngati chilembo cha V. Ma cc aja ndi kukula kwa masilinda onse pamodzi, pafupifupi malita awiri ndi theka. Mphamvu yake ndi ya mahatchi 215. Peugeot 504 yanu ija, imene simugona osaitchula, inali ndi ma cc 1,971 ndipo mahatchi ake sankafika ndi 100 omwe.

AGOGO: Mahatchi 215 pakhomo pa munthu amene alibe ndi mbuzi yomwe! Koma maso anga afooka, Yamikani. Pambali pa 215 paja ndikuonapo kanthu kolembedwa timalemba ting'onoting'ono. Tandiwerengera.

MDZUKULU: Alemba kuti 6,400 rpm. Ndiye kuti mphamvuyo imatuluka injini ikamazungulira ka 6,400 pa miniti imodzi.

AGOGO: Nanga ukamapita ku ntchito m'mawa, uli pamzere pa Ginnery Corner, kutsogolo minibasi kumbuyo minibasi, imazungulira kangati?

MDZUKULU: Mwina 1,000, mwina 1,500.

AGOGO: Mahatchi enawo amakhala ali kuti nthawi imeneyo?

MDZUKULU: Amakhala... alipo ndithu, agogo.

AGOGO: Ali pa tchuthi cholipidwa.

Apa mkuluyu wagwira mfundo imene ogulitsa galimoto saifotokoza kawirikawiri, ndipo njinga ya kabaza ingatithandize kuimvetsa. Wa kabaza ali ndi zinthu ziwiri: mphamvu imene mwendo wake ukupondera pedulo, ndi changu chimene mapedulowo akuzungulira. Akaponda mwamphamvu koma pang'onopang'ono, amakwera chitunda koma safika msanga. Akapalasa mwachangu koma mopepuka, amathamanga pachigwa n'kukatsika pachitunda. Injini ilinso chimodzimodzi. Mphamvu yopotokola shafuti, imene amakaniko amaitcha torque, ndiye kuponda kuja, pamene rpm ndi changu cha kuzungulira. Mahosipawa ndi ziwirizi zitachulukitsidwa pamodzi, motero nambala ya 215 imaoneka pokhapokha injini ikukuwa pafupi ndi malire ake. Pepala lomwelo limanena kuti torque ya injini ya Mark X yoyamba imafika pachimake pa 260 Nm injini ili pa 3,800 rpm. Tiyerekeze mokomera galimotoyo kuti torque yonseyo ilipo kale pa 2,000 rpm, pamene anthu ambiri amayendera pa msewu wa tala. Masamu ake amatipatsa mahatchi osapitirira 74, ndiponso amenewo ndi pamene dalaivala waponda moto mpaka pansi. Choncho munthu angakhale ndi galimotoyi zaka zambiri osakumana nawo mahatchi 215 amene anawalipira.

MDZUKULU: Koma agogo, musandipanikize ngati kuti sindinapite kusukulu. Mahatchi ogonawo ali ndi tsiku lawo. Muli pa M1, kutsogolo kwanu kuli thiraki yaitali ikukwawa, ndipo mpata wodutsa ndi waufupi. Mukaponda moto, giyabokosi ya magiya 6 ija imatsitsa yokha magiya awiri kapena atatu, injini imalumphira pa 5,000, mahatchi ambiri adzuka, mwadutsa. Nthawi imene mumakhala kumbali ya galimoto zobwera kutsogolo ndiyo nthawi yoopsa kwambiri pa ulendo wonse, ndipo mphamvu imaifupikitsa. Pa 504 yanu munkayamba kupemphera musanatuluke kumbuyo kwa thiraki n'kumaliza "Amen" mutafika pa boneti yake.

AGOGO: Pemphero silinaphepo munthu. Koma pamenepo wanena zoona, ndisakunamize. Tsopano ndiuze, mahatchi akowo anawawerengera kuti?

MDZUKULU: Ku fakitale, ku Japan.

AGOGO: Pamwamba pa phiri kapena m'mbali mwa nyanja?

MDZUKULU: Amayeza motengera mpweya wa m'mbali mwa nyanja yamchere.

AGOGO: Ndiye konzeka kulira maliro, chifukwa mahatchi ena sadzafika kuno. Adzatsala pa doko ku Dar es Salaam akukubayibitsa.

Nthabwalayi ili ndi sayansi mkati. Injini imatentha petulo pomusakaniza ndi mpweya, ndipo injini yopanda turbo, monga 4GR-FSE, imangokoka mpweya umene waizungulira. Mukamakwera kumtunda mpweya umapepuka, ndipo injini yotere imataya pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 a mphamvu yake pa mamita 100 alionse. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, kotero mahatchi 215 aja amatsikira cha m'ma 190. Pa Dedza, pamene ndi pafupifupi mamita 1,600, amatsala cha m'ma 180. Wokhala ku Nsanje ndiye amalandira pafupifupi zonse zimene analipira, pakuti kumeneko dziko ndi lotsika kwambiri, ngakhale kutentha kwa kumeneko nakonso kumapepula mpweya. Wina anganene kuti mfundoyi siweruza mlandu, popeza galimoto iliyonse yopanda turbo imaluza mofanana, ndipo akunena zoona. Ndipotu Mark X imapirira bwino kuposa 504, chifukwa kompyuta yake imayeza mpweya wolowa n'kuchepetsa petulo moyenera, pamene kabuleta ya 504 inkangothira petulo wambiri mumpweya wochepa n'kudetsa mapulagi. Koma mfundo yathu si yakuti galimoto yakale inali yabwino kuposa yatsopano. Tikunena kuti nambala ya pa pepala inabadwira m'malo ena ake, pa mpweya wina wake, ndipo siyenda ulendo wonse pamodzi ndi galimotoyo.

MDZUKULU: Chabwino, mahatchi 190 andikwanira. Koma chimene chandikopa kwenikweni n'chakuti imayendera matayala akumbuyo. Tigalimoto tambiri tamasiku ano, ma Vitz ndi ma Passo awa, timakokedwa ndi matayala akutsogolo. Matayala omwewo akhote, omwewo akoke, omwewonso anyamule injini. Pa Mark X ntchito anaigawa: akutsogolo amawongolera, akumbuyo amakankha. Injini inagona motalika, mutu kutsogolo, kenaka giyabokosi, kenaka shafuti yaitali yodutsa pansi pa galimoto kukafika ku difu, ndipo difu ndiyo imagawira matayala awiri akumbuyo. Kulemera kwa galimoto kumagawika bwino, ndipo pokhota chiwongolero chimamveka chopepuka m'manja.

AGOGO: Mwana uyu! Ukundiphunzitsa za difu ine? Bambo ako asanabadwe n'kuti ine ndikugona kunsi kwa difu. Pa nthawi yathu saluni iliyonse yolemekezeka inali yotero: 504, Benz, Cressida. Ndipo Mark X yakoyo ndi mdzukulu wa Cressida yemweyo, pakuti Cressida linali dzina limene Toyota ankagulitsira Mark II kunja kwa Japan, ndipo Mark X ndi imene inalowa m'malo mwa Mark II. Ndiye ukubwera kudzandionetsa mdzukulu wa mnzanga ngati mlendo. Tsopano tamvera. Zimene wanenazo n'zoona pa tala. Pa chitunda cha Chiweta kapena pa Khwekhwerere, mphuno ya galimoto ikaloza kumwamba, kulemera kumatsamira kumbuyo, matayala akumbuyo amaluma msewu, ndipo galimoto yotere imakwera mosadandaula. Ukaika matumba a chimanga m'buti ndiye imaluma kwambiri, monga momwe tayala lakumbuyo la kabaza siliterereka pakaliyala pakakhala kasitomala wonenepa. Koma bwera nayo kuno mu Januwale uli wekha, buti ili mbee, pa dothi lathu lakatondoli. Injini yolemera ili kutsogolo, matayala okankha ali kumbuyo kopepuka. Udzaponda moto, matako a galimoto adzayamba kuvina chimtali, ndipo ka Vitz kamene ukukanyozako kadzakudutsa kakuimba huta, chifukwa iko injini yake yakhala pamwamba penipeni pa matayala okoka.

MDZUKULU: Ili ndi kompyuta yoletsa kuterereka, agogo. Tayala limodzi likayamba kuzungulira pachabe, kompyuta imalimanga buleki ndi kuchepetsa moto.

AGOGO: Ikachepetsa moto pakati pa matope, galimoto imatani?

MDZUKULU: Imaima.

AGOGO: Basi. Imatitimira mwaulemu, mopanda phokoso, monga munthu wophunzira.

Kunena mwachilungamo, onse awiri ali ndi mbali ya choonadi, koma mbali zawo sizilingana kukula. Difu wamba ili ndi khalidwe limodzi lodziwika: imalola matayala awiri kuzungulira pa liwiro losiyana kuti galimoto ikhote bwino, koma chifukwa cha chomwecho, tayala limodzi likagwera poterera, lomwelo ndi limene limazungulira pamene linzake lili phee pouma. Kompyuta imene mnyamatayu akuitama imathetsa pang'ono vutoli pomanga buleki tayala lopulupudzalo, ndipo pa tala wonyowa ndi mvula imapulumutsa miyoyo, makamaka pa galimoto yamphamvu yokankhidwa kumbuyo imene ingazungulire mwadzidzidzi dalaivala akaponda moto pakona. Chimene kompyuta singathe n'kukweza mimba ya galimoto. Pepala limanena kuti kuchokera pa matayala akutsogolo kufika pa akumbuyo a Mark X pali mamilimita 2,850, ndipo galimoto yonse ndi yaitali mamilimita 4,730. Ku Japan nambala imeneyi ndi yonyaditsa, pakuti imatanthauza malo otambasulira miyendo ndi kuyenda kosagwedezeka pa msewu wosalala. Pa hampu yomangidwa mowolowa manja kapena pa msewu wokumbika ndi ngolo, nambala yomweyo imatanthauza kuti matayala akutsogolo atsika kale, akumbuyo sanakwere, ndipo chapakati chonse, ekizozi ndi shafuti yomwe, chakhala pa chitumbira. Nambala ndi yomweyo, ndi yoona konsekonse, koma kwina ndi dalitso, kwina ndi ngongole ya kwa wowotcherera.

AGOGO: N'chifukwa chake 504 inali mfumu ya misewu ya mu Africa. Inatuluka ku France mu 1968, mu 1969 n'kupatsidwa ulemu wa galimoto yopambana ya chaka ku Ulaya. Masipuling'i ake anali ndi mpata wautali wokwera ndi kutsika, ndipo shafuti yake inkayenda m'kati mwa chipaipi cholimba chotchinga miyala. Azungu atasiya kuipanga kwawo, ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka m'zaka za m'ma 2000. Mu 1975 inapambana mpikisano wa Safari Rally ku Kenya, m'matope ndi m'fumbi. Mark X yako inapambanapo chiyani, kupatula mitima ya atsikana a ku Chichiri?

MDZUKULU: Agogo, amene anayendetsa 504 yopambanayo mukumudziwa?

AGOGO: Mzungu wina wake.

MDZUKULU: Ove Andersson wa ku Sweden. Ndipo mukudziwa kumene anakathera? Ndi amene ankatsogolera timu ya mipikisano ya Toyota ku Ulaya kwa zaka zambiri. Ngwazi yanu yomwe inasamukira kwa Toyota, agogo. Inu nokha ndi amene mwatsala ku Peugeot.

AGOGO: Ndalama, mwana wanga. Ngakhale mlaliki amasamuka mpingo.

MDZUKULU: Ndiponso tinene za ngozi. Mark X ili ndi ma airbag, ili ndi mabuleki a ABS oti matayala asamangike n'kukhwekhwereza, ndipo thupi lake analipanga kuti kutsogolo kuphwanyike m'malo mwa anthu okhala m'kati. Pa 504, chimene chinkakutetezani pa ngozi chinali chiwongolero cholasa pachifuwa ndi chithunzi cha Yesu pa dashibodi.

Pa mfundo iyi mkuluyu alibe poyankhira, ndipo sitiyenera kumuthandiza. Anthu okonda galimoto zakale amakonda kugogoda chitseko cha 504 kapena cha Benz yakale n'kunena kuti "chitsulo chenicheni ndi ichi", ngati kuti kulimba kwa bampala ndiye chitetezo. Pa ngozi mphamvu ya kugundana iyenera kupita penapake, ndipo galimoto imene siphwanyika imaipereka kwa mafupa a okwera. Aliyense amene angasankhe 504 m'malo mwa Mark X chifukwa cha chitetezo wasankha ndi mtima, osati ndi mutu. Komabe onani kuti ngakhale apa zimene zapambana mlandu si mahatchi 215 aja. Ndi zinthu zina zolembedwa m'munsi mwa pepala, zimene mnyamatayu sanazitchule poyamba chifukwa sizimveka mokoma pouza anzake.

AGOGO: Chabwino, wandigwetsa kamodzi. Tsopano tikambe za chakudya cha mahatchi akowa. Amadya chiyani?

MDZUKULU: Petulo, agogo. Thanki yake ndi ya malita pafupifupi 70. Ndipo injiniyi ndi yanzeru: petulo sadutsa m'njira ya mpweya ngati kale, amapoperedwa mwachindunji m'kati mwa silinda ndi pampu yamphamvu kwambiri. Toyota amaitcha D-4. Chifukwa cha zimenezi pisitoni imatha kupanikiza mpweya ka 12 popanda vuto, ndipo petulo wochepa amatulutsa mphamvu yambiri.

AGOGO: Petulo wake wamtundu wanji?

MDZUKULU: Ya mahatchi 215 anailembera petulo wapamwamba wa ku Japan, wa octane yokwera.

AGOGO: Eya! Ndiye tsiku limene mafuta asowa, wagona pamzere usiku wonse osapeza kanthu, n'kukagula wa m'chigubu kuseri kwa msika, wosadziwika bambo wake, udzamufunsa wogulitsayo za octane?

MDZUKULU: Sindingathire wa m'chigubu.

AGOGO: Onse amatero thanki ikakhala yodzaza.

Apa pali umboni umene Toyota eni ake anatipatsa. Mark X yachiwiri itatuluka mu 2009, injini inali 4GR-FSE yomweyo ya ma cc 2,499, koma mphamvu yake inalembedwa kuti ndi mahatchi 203 ndipo torque inatsika kufika pa 243 Nm. Sikuti akatswiri awo anaiwala ntchito. Anaisintha dala kuti izimwa petulo wamba, ndipo anaona kuti kutaya mahatchi 12 n'kopepuka poyerekeza ndi kukakamiza mwini galimoto kugula petulo wodula tsiku lililonse. Ngati opanga galimoto anaona choncho m'dziko limene petulo wapamwamba amapezeka pa filing'i siteshoni iliyonse, wogula wa kuno ali ndi chifukwa chachikulu choonera chimodzimodzi. Munthu wongoyang'ana nambala yaikulu angaganize kuti ya 2004 ndi yabwino kuposa ya 2009, pamene kwa iye yachiwiriyo ndiyo yoyenera. Wina angatsutse kuti injini zamakono zili ndi kachipangizo komva kugogoda kwa m'silinda, ndipo petulo akakhala wofooka kompyuta imachedwetsa moto wa mapulagi kuti injini isaonongeke. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake galimotozi zikuyenda m'misewu yathu osaphulika. Koma kuchedwetsa motoko kumadyanso mphamvu, ndiye kuti mahatchi enanso achoka pa gulu lija. Palinso mtengo wina wa D-4 umene suoneka pa pepala. M'injini zakale petulo ankadutsa pa mavalavu olowetsa mpweya n'kumawatsuka. Mu injini iyi sadutsapo, motero mwaye wa oilo umaunjikana pamenepo pang'onopang'ono, makamaka galimoto ikamangoyenda timaulendo tatifupi ndi oilo wotchipa. Umboni wakuti vutoli ndi lenileni ndi wakuti pa injini yaikulu ya ma cc 3,456 ya m'banja lomwelo, 2GR-FSE, Toyota anaikamo njira zonse ziwiri zopoperera petulo. Kumbali yabwino, injini za banjali zimayendera tcheni m'malo mwa lamba, choncho nkhawa yoti lamba aduka mwadzidzidzi palibe, bola oilo azisinthidwa pa nthawi yake.

MDZUKULU: Ndiye mukuti ndisagule?

AGOGO: Ndani wanena zimenezo? Ukufuna ndizipita ku sikelo ya BP pa kabaza mpaka liti? Ndikuti uwerenge pepala lonse, osati mzere wokometsa pakamwa wokha. Ma cc 2,499 amene ukunyadirawo, a MRA nawonso amawakonda kwambiri, pakuti msonkho wa galimoto umakwera ndi kukula kwa injini ndiponso ndi ukalamba wa galimotoyo. Iwe ukuona mahatchi, iwo akuona nkhuku yoti asosole. Ukatero upite kwa makaniko amene ali ndi kompyuta yoyezera, osati wa pansi pa mtengo wa mango amene amamvetsera injini ndi sikuludiraiva kukhutu, umufunse mtengo wa pampu ya petulo ija ndi makoilo 6. Akakuuza, ukhale pansi, umwe madzi, kenaka uganize.

MDZUKULU: Koma liwiro, agogo. Wotchi yake imafika 180.

AGOGO: Zambiri za ku Japan zimalekezera pomwepo, ndi ka Passo komwe kali ndi manambala ambiri pa wotchi kuposa amene kangawafike. Ndipo 180 imeneyo udzaithamanga pati? Pa Lizulu tsiku la msika? Pakati pa mbuzi, matumba a kachewere ndi apolisi a kamera? Mahatchi ako adzadya chindapusa asanadye msewu.

MDZUKULU: Agogo, mwandilanda mahatchi pa doko, ena pa Dedza, ena pa chigubu, ena kwa apolisi. Nditsala ndi angati?

AGOGO: Okwanira kunyamula ine, agogo ako aakazi ndi thumba la ufa, titakhala kumbuyo miyendo titatambasula ngati nduna. Gula ya 2009 kupita m'tsogolo, ya mahatchi 203, yomwa petulo wamba. Uziyenda nayo pa tala, oilo usamamuumire, ndipo pa hampu uzidutsa chopingasa. Mvula ikayamba mu Disembala uziisiya pa sitolo kumsewu waukulu, makilomita otsalawo ubwere pa kabaza ngati anzako onse.